Makina Oyenda Njira ya Kuseri

Wokondedwa mng'ono wanga Kamafunso,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako. Wadzuka bwanji kumeneko? Chifuwa chija unkatsokomola pa foni chinatha, kapena ukungomwa madzi otentha n'kumati chitha chokha, monga mwa khalidwe lako? Kuzizira kwa kumeneko timangokuonera pa zithunzi, iwe utavala majasi mpaka kutsala maso okha. Uzidya, mwana wa amayi. Mabuku sakhutitsa munthu.

Kuno tilipo. Amayi miyendo imawavutabe kunja kukachita mitambo, koma pakamwa pali bwinobwino. Mapasa anga akula, masiku ano akumenyana ndi ana a eni ake m'malo momenyana okhaokha, ndiye ine ndimati chitukuko chimenecho. Alamu ako akadali pa lole yomwe ija. Za bambo ndinena m'munsimu, chifukwa ndiwo andigwiritsa cholembera lero.

Usadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Ukudziwa kuti ukangoimba, bambo amatulukira ngati anabisala kuseri kwa chitseko, n'kuima pambali panga mpaka nditawapatsa foniyo. Nkhani iyi siyonena iwo ali pomwepo. Pano ndakhala mu shopu mwawo, ndikulembera pa benchi yopalirapo matabwa, iwo apita kukanoletsa sowo. Ukapeza utuchi pakati pa masambawa, usadabwe.

Ndikuuziretu kuti mutu wanga waima. Sindikudziwa ngati ndikukuthandiza kapena ndikukupha. Uwerenge mpaka kumapeto usanandikwiyire.

Ukukumbuka madzi aja atasefukira, iwe uli kale kumeneko. Unkaimba kawirikawiri, ife n'kumakuuza kuti angonyambita pakhomo. Tinagwirizana choncho banja lonse kuti uwerenge ndi mtima umodzi. Zoona zake n'zakuti mu shopu muno madzi anandilekeza m'chifuwa. Matabwa anapita, mipando ya eni ake inapita, ndipo makina a bambo opalira ndi kuchekera matabwa aja anagona m'matope mpaka madzi ataphwa. Wa magetsi anabwera, anatsegula mota, anasuzumira, n'kutsekanso mwaulemu ngati akuphimba nkhope ya maliro. Kuyambira pamenepo bambo anabwerera ku puleni ya pamanja, ija ankagwira tili ana. Msewu wonse wa akalipentala unali chimodzimodzi.

Matope asanaume kunabwera anthu ako a mafunso. Anali awiri, mayi wina wa ambulera ndi bambo wamtali wa magalasi, atanyamula mafoni akuluakulu olembapo. Ankalowa shopu ndi shopu kufunsa zimene zinawonongeka. Wamtaliyo anajambula bambo ataima m'matope, atapinda thalauza, fosholo ili m'manja. Pamenepo sanadandaule. Anadandaula iwe utaimba n'kunena mosangalala kuti amenewo ndi a kafukufuku wako, ndipo zonse zimene akulemba zikupita ku yunivesite kwanu.

Unawauza kuti iwe suona mayina kapena nkhope, shopu iliyonse imafika kwa iwe ngati nambala chabe. Zimenezo zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Iwo m'maganizo mwawo anangoona apulofesa ako atagwira chithunzi cha mkulu wamatope, akufunsana kuti kodi awa ndiwo bambo ake a mtsikana wathu wanzeru uja. Tsiku limenelo sanadye.

Patapita nthawi boma linabweretsa makina atsopano, akuti otukulira mafakitale ang'onoang'ono. Ine ndinaseka kumva shopu ya bambo ikutchedwa fakitale. Makinawo anali ochepa, ndiye anachita maere mu holo ya pasukulu, manambala ali mu ndowa. Mumsewu mwathu anagwera a Mabokosi, aja okhoma mabokosi a maliro pakona, ndi a Chisoti, aja sitinaonepo pamutu pawo. Nambala ya bambo inatsala mu ndowa.

Ndinakufunsa kuti n'chifukwa chiyani ena apatsidwe ena ayi, pamene madzi sanasankhe. Unandifotokozera bwino, ndipo ndinamva theka. Unati ntchito yako ndi kuyerekeza magulu awiriwo: pakatha chaka muona ngati olandira makina adzuka msanga kuposa osalandira. Unati zikaoneka kuti makina amathandiza, boma lidzagula ena n'kupatsa otsalawo. Ndinati chabwino, ndiye kuti bambo ali m'gulu lodikira. Iwe unati ali m'gulu loyerekezera. Ine mpaka lero sindiona kusiyana kwake.

Unandiuzanso kuti akatswiri a za chuma sagwirizana. Ena amati dziko likagwetsedwa ndi ngozi liyambe ladzutsa mafakitale akuluakulu, ang'onoang'ono adzatsatira okha. Ena amati liyambe ndi ang'onoang'ono chifukwa ndiwo amadyetsa mabanja ambiri. Unati pepala lako lithandiza pa mkangano umenewo. Sindinkadziwa kuti kukangana ndi ntchito yophunzirira kusukulu. Ndikanadziwa ndikanakutumizira mapasa.

Chaka chimenecho bambo anachiona. Chitseko chimene makina ankapala tiyi asanazizire, iwo ankalimbana nacho tsiku lonse. Makasitomala anayamba kuthawira ku mipando ya pulasitiki yochokera kunja, imene yadzaza m'masitolo. Amene ankawathandiza ntchito anachoka mmodzimmodzi. Phewa lakumanja linayamba kuwawa. A Mabokosi ankawalola kupalako matabwa pa makina awo, koma kumeneko ntchito ndi yosalekeza, mpata unkapezeka mwa apo ndi apo. Anawauza kuti angolowa ntchito kwa iwo, bambo n'kukana. Paja a Mabokosi anaphunzira kugwira hamala mu shopu muno. Koma iwe ukaimba, yankho linali limodzi: shopu ikuyenda bwino kwambiri.

Ndiye uthenga unafika wakuti a mafunso aja akubweranso, ndi tsiku lomwe anatchula. Iwe unauza bambo kuti angoyankha zoona zokhazokha. Anakufunsa ngati unawamvapo akunama. Atangodula foni anandituma kukagula penti.

Maganizo awo anali akuti mwana wawo asachite manyazi kachiwiri. Koma panamvekanso mphekesera, sindikudziwa anaiyambitsa ndani, yakuti makina a ulendo wachiwiri adzapatsidwa kwa okhawo ooneka akhama, poti palibe amathirira mtengo wouma. Imeneyi ndi imene inakoka msewu wonse. Akalipentala onse amene maere sanawagwere anakumana mu shopu muno, bambo ali wapampando, n'kugwirizana kuti alendo asapeze munthu atagwira tsaya.

Tinapaka penti kubisa mzere wa madzi pakhoma. Kunyumba tinatulutsa kabati ya amayi, tebulo lodyera ndi bedi lako lija, n'kuzipaka vanishi, n'kuziimika panja pa shopu ngati katundu wodikira eni ake. Mbale za amayi zinagona pansi, ndipo amayi sanatibisire maganizo awo. Utuchi tinakapempha kwa a Mabokosi m'matumba, n'kuuwaza pansi kuti paoneke pogwirika ntchito. Alamu ako anavekedwa ovolosi kuti akhale wantchito, munthu amene sanakhomepo msomali wolunjika chibadwire.

Chinatsala ndi makina. Bambo anapita kwa a Mabokosi kukabwereka, ndipo iwo sanavute, anangoti chaona mnzako chapita. Vuto linali lakuti shopu iliyonse inkawafuna tsiku lomwelo.

Ukukumbuka kanjira ka kuseri kaja, kodutsa pakati pa mashopu ndi ngalande, komwe unagwera uli wamng'ono? Makinawo anayenda m'menemo. Anawakweza pa ngolo yokankha, amuna akulimbana nawo, thukuta lili kamukamu. Alendo akamaliza shopu imodzi, amayi ndi azimayi anzawo ankawagwira ndi tiyi kumaso, uku kuseri ngolo ikuthamanga. Akamalowa shopu yotsatira ankapeza makina ali phee pakona, utuchi uli mbwee, ngati akhalapo kalekale. Mayi wa ambulera uja anamwa tiyi tsiku limenelo mpaka anayamba kufunsa njira ya kuchimbudzi.

Pa makinawo pali chizindikiro cha boma ndi nambala. Mu shopu ina anamatapo kalendala, mu ina anapachikapo jekete, kwa ife amayi anayalapo nsalu yawo ya patebulo ya maluwa ija. Wamtali uja anafika podabwa kuti akalipentala onse a mumsewu muno amakonda makina a mtundu umodzi. Bambo anamuyankha kuti chinthu chikakhala chabwino anthu amauzana. Analemba zimenezonso.

Anafunsa kuti makinawo anawapeza bwanji poti maere sanawagwere. Bambo anati munthu wakhama sadikira boma, ndipo anawaliza kuti alendo amve. Anafunsa za antchito, bambo analoza alamu ako. Anafunsa za katundu wopangidwa mwezi umenewo, analoza panja. Mayi wa ambulera analikonda bedi lako, anafuna kuligula. Bambo anati pepani, mwini wake alipo kale, ndi munthu wokhala kunja. Pa tsiku lonselo mawu oona anali amenewo. Alamu ako, pofuna kuonetsa luso, anadzikhoma chala, ndipo analirira mumtima mpaka alendo atatuluka. Chikhadabo chinachoka.

Ndisabise, tsiku limenelo tinaseka, ndipo ine ndinaseka kuposa onse. Bambo anavala shati yoyera, anajambulidwanso ataika dzanja pa makina a eni ake. Ndinali ndisanawaone akusangalala chotero kuyambira tsiku la madzi lija.

Mbali ina ya nkhaniyi ndinaimva mochedwa. Alendo atafika kwa a Mabokosi, ngolo inali ikadali m'njira, gudumu litalowa m'ngalande. Anapeza pakona palibe kanthu. A Mabokosi, poopa kuulula anzawo, anati makina anawonongeka, ali kokonzetsa. Atafunsidwa za ntchito anati ikungokwawa. Ndinawafunsa pambuyo pake chifukwa chake, poti aliyense akudziwa kuti iwo ndiwo adzuka kuposa onse, mpaka akupanga zitseko ndi madesiki a sukulu. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Anati munthu wokhoma mabokosi a maliro anganene bwanji kwa alendo kuti ntchito ikuyenda bwino, madzi atangotenga anthu? Anati mawa anthu adzati mvula ija anaitana ndi iwo.

A Chisoti nawo anabisa. Iwo anamva kuti ukaoneka kuti zikukuyendera, boma lidzabwera kudzatenga makina ake. Ndiye anasamutsira katundu wawo yense kwa m'bale wawo, n'kukhala pakhomo atavala malaya ong'ambika, chisoti chokha chili chabwino.

Waona tsono? Opanda makina anaoneka ngati ali nawo, okhala nawo anaoneka ngati alibe. Ndipo alamu ako akuti nzeru imeneyi sinathere mumsewu mwathu, anthu anauzana pa foni. Tsidya la mlatho atelala ankapatsirana makina osokera pamwamba pa mpanda, owotcherera zitsulo nawo anachita zomwezo ndi jenereta. Kuti zinalekeza pati, ine sindikudziwa.

Mwezi watha unaimba uli ndi chimwemwe chachikulu. Unati wapeza chinthu chimene apulofesa ako sankayembekezera: osalandira makina adzuka okha mofanana ndi olandira, mwinanso kuposa. Unati anthu akwathu ndi olimba, ndipo pepala lako ukaliwerenga pa msonkhano waukulu wa akatswiri a za chuma. Bambo anavina mu shopu muno ndi phewa lawo lomwelo. Tsamba loyamba lija unatumiza anakalisindikiza, analipangira felemu ya thabwa labwino limene ankasunga, ndipo lili pakhoma apa pamene ndikulemba. Chinenero chake sachiwerenga, koma dzina lako amalipeza ndi chala.

Ine nthawi imeneyo sindinalumikize kanthu. Ndinkayesa mapepala a ku yunivesite amathera ku yunivesite komweko.

Sabata yatha tinaitanidwanso ku holo ija. Tonse tinkati ndi za makina a ulendo wachiwiri, moti bambo anali atasesa kale pakona. Kunabwera mkulu wina wa ku ofesi yoona za mafakitale, munthu waulemu ndithu. Anathokoza akalipentala chifukwa cha khama lawo. Anati zotsatira zoyambirira za kafukufuku zaonetsa kuti anthu a dera lino adzuka okha, ndipo makina sanasinthe kanthu. Anthu anaomba m'manja, bambo patsogolo. Kenako anati pa chifukwa chimenecho ulendo wachiwiri wayamba waimitsidwa, ndipo lipoti lomaliza likatsimikiza, thandizolo lidzapita kwina, mwina ku fakitale imodzi yaikulu ya mumzinda.

Ena anapitirizabe kuomba m'manja chifukwa anali asanamve. Ndinayang'ana bambo. Manja awo anali akadali m'mwamba, atatalikirana ngati akuyeza thabwa.

Pobwerera tinayendera limodzi mpaka pa mlatho. Mmodzi wa akalipentala anayamba kunena kuti mwana wanu watipha, ndipo bambo anatembenuka. Anati mwana wawo analemba zimene anapatsidwa, wofuna kutukwana atukwane iwo. Nkhani inathera pomwepo, chifukwa aliyense anakankhako ngolo ija.

Kunyumba bambo anatisonkhanitsa, ine, amayi ndi alamu ako. Anati aliyense amene akuuze nkhaniyi si m'bale wawo. Anati ukaimva udzayenera kuuza apulofesa ako, pepala lidzagwa, zaka zonse wakhala m'kuzizira zidzapita pachabe, ndipo anthu adzati unachita kupangana ndi bambo ako. Anati shopu ndi matabwa chabe, chimene adzasiye padziko pano ndi sukulu yako. Amayi anawauza kuti manyazi anapha lambe. Bambo anati lambeyo analibe mwana ku yunivesite.

Ndinayesa njira ina kuti ndisakuvute. Ndinapita ndekha ku ofesi ya mkulu uja, ndinakhala pa benchi m'khonde mpaka anandilowetsa. Ndinamuuza zonse, osatchula kuti ndine ndani kwa iwe. Anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anasiya kuseka. Anati akundimvetsa, koma ofesi yake siingasinthe zimene akatswiri apeza chifukwa cha nkhani ya munthu mmodzi, poti aliyense wosalandira angabwere ndi nkhani yake. Anati oyenera kukonza ndi eni kafukufuku. Ndinatuluka ndikudziwa kuti mwini kafukufukuyo ndinamubereka kumbuyo ndine.

Tsopano imva mmene zinthu zilili. Phewa lija latupa, ndipo kuchipatala anati akapitiriza ndi puleni ya pamanja mkonowo udzaleka kukwera. Mwini nyumba ya shopuyi wabwera kale ndi munthu wina wofuna kugulitsiramo mipando ya pulasitiki, anayeza ndi khomo lomwe. Bambo anawauza kuti mvula isanayambe adzakhala atatuluka. Dzulo ndinawapeza akupaka mafuta matchizulo awo osemera matabwa n'kumawakulunga m'nsalu. Munthu amene wakhala mu shopu muno kuyambira ine ndisanabadwe. Akatuluka muno, sindikudziwa kuti m'mawa azidzukira chiyani, ndipo zimenezi zikundiopsa kuposa phewalo.

Mzere wa madzi uja watulukanso pa penti. Uli apa, m'munsi mwenimweni mwa felemu yako.

Mng'ono wanga, ine ndasokonezeka. Paja amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma kwathu kuno adya ndi akulu, ndipo zikufuna kupota iwe. Ndakhala ndikudzifunsa mafunso ngati ndine iweyo. Kodi msewu umodzi ungapotoze kafukufuku yense, kapena ife ndife dontho chabe, ndipo makinawo ndi osathandizadi? Koma ngati sathandiza, bwanji a Mabokosi akubweza makasitomala chifukwa chochuluka, pamene bambo akupala chitseko chimodzi mpaka dzuwa kulowa? Munthu akalemba mokhulupirika zimene anauzidwa, koma omuuzawo anakometsera, wolakwa ndani? Kodi pepala limakonzeka ngati mpando wothyoka mwendo, kapena likalakwika limangotayidwa? Nanga kumeneko munthu akabwera yekha n'kunena kuti ndapeza cholakwa pa ntchito yanga, amamuthokoza kapena amamuthamangitsa?

Ndinafunsa aphunzitsi a mapasa, poti ndi ophunzira, ndikuchita ngati ndi nkhani ya anthu ena. Anati akatswiri enieni amakondwa akapeza cholakwa. Ndinafunsa alamu ako, anati kuntchito kwawo wopeza cholakwa ndi amene amayamba kuchotsedwa. Ndinafunsa amayi, anangotsegula kabati yawo, n'kundipatsa mapepala ndikulembapowa, n'kunena kuti iwo sakudziwa kanthu ndipo sanaone kanthu.

Nthawi zina ndimakukwiyira, ndinene. Unakulira m'nyumba imene ija. Ukudziwa kuti bambo ngakhale malungo awagwire chotani, ukawafunsa amati ali bwino. Ukudziwa kuti mlendo akamabwera timathamangitsira mipando yothyoka kuchipinda. Unaganiza bwanji kuti anthu otere ungawauziretu tsiku lobwera alendo, n'kuyembekeza kuwapeza mmene alili? Kenako ndimakumbuka kuti penti ndinakagula ndine, mkwiyo n'kuthera pomwepo.

Dzina lakoli anakupatsa ndi bambo, ukukumbuka. Unkakhala pansi pa benchi ino, utuchi uli m'tsitsi, n'kumafunsa chifukwa chake thabwa lili ndi maso, chifukwa chake msomali sulira ukamenyedwa. Ine ndinkakuuza kuti ukhale chete. Iwo ankayankha lililonse, ndipo akasowa yankho ankapeka, kuti mwana wawo asachoke chimanjamanja. Sanasinthe. Anamva kuti mwana wawo watumiza mafunso, n'kumukonzera mayankho abwino kwambiri amene akanatha.

Pempho langa ndi ili. Usakawerenge pepalalo pa msonkhano usanauze apulofesa ako zimene ndakuuzazi. Uwapemphe atumizenso a ambulera ndi a magalasi aja, koma asanene tsiku. Angofika, ndipo alowere njira ya kuseri. Tiyi akane. Akapeza makina, achotse kalendala, aone nambala yake. A Mabokosi asawafunse ngati ntchito ikuyenda, angoyang'ana mulu wa utuchi kuseri kwa shopu yawo. Akafuna mboni ine ndilipo, pamodzi ndi chala cha alamu ako.

Ndikudziwa kuti ndikukusenzetsa katundu wolemera. Ndikukupempha kuti uike pachiswe chinthu chimene wachivutikira, chifukwa cha makina amene mwina sabwera n'komwe. Ukasankha kukhala chete sindidzakuweruza, kalatayi ungoing'amba. Bambo anasankha kale, anasankha iwe. Ine ndalephera kusankha, n'chifukwa chake ndakutulira. Koma ndinaona kuti si bwino kuti msewu wonse, ndi azimayi ophika tiyi omwe, adziwe za pepala lako chimene iwe mwini wake sukuchidziwa.

Ukafuna kuyankha usaimbe pa foni yanga. Uimbire alamu ako masana ali pamsewu, iwo adzandiuza. Usachedwe, kumwamba kwayamba kale kuchita mitambo.

Undiperekere moni kwa azakhali aang'ono ukapita kukawaona, uwauze kuti mankhwala opaka aja anafika ndipo amayi akuthokoza. Umupatsenso moni mnzako wogona naye chipinda chimodzi, uja amaseka kumbuyo ukamaimba. Mapasa akuti uwabweretsere chipale chofewa m'botolo. Ndawauza kuti chisungunuka, akuti iwe ndiwe wophunzira, upeza njira.

Ndimati nditsekere apa, koma bambo alowa. Andifunsa kuti ndikulembera yani, ndipo ndalephera kunama. Asangalala, akuti kalata imaposa foni chifukwa munthu amaisunga. Afunsa ngati ndakuuza za felemu. Ndati ndakuuza. Afunsa kuti zinazo ndi zotani. Ndati ndi za mapasa ndi miyendo ya amayi. Andiyang'ana nthawi yaitali, ayang'ana masamba onsewa ali pa benchi, kenako anena kuti mapasawo ali ndi nkhani zambiri.

Sanandilande. Atenga puleni ndi dzanja lamanzere, aitembenuza, aiikanso pansi. Kenako akuti ndiwasiyire malo pang'ono m'munsi kuti ndilembe mawu awo. Ndi awa, monga anenera: uwerenge mwakhama, usadere nkhawa za kuno, shopu ikuyenda bwino kwambiri.

Ndalemba. Yankho ndi lomwe lija anapatsa anthu ako, koma tsopano ukudziwa mmene limawerengedwera.

Atsegula bokosi la misomali, atulutsa envulopu yoyera imene sindikudziwa anaisunga liti, aipukuta utuchi pa shati yawo, andipatsa osandiyang'ana. Akuti ndifulumire, positi itseka.

Mulungu akusunge, akupatse nzeru zoposa za m'mabuku ako, ndipo akubwezere kwathu uli wamoyo.

Ndine mkulu wako,
Amake mapasa